Botolo la Che Amini

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Mikaya, ndimamva fungo la parafini ndi penti lomwe linkakanirira malaya awo ngakhale tiwachape kangati, ndipo ndimawaona ali pakhonde kwathu ku Malindi, burashi ili kukamwa, ntchentche zikuzungulira zitini, ine ndikusesa mwaulemu kuti fumbi lisagwere pa ntchito yawo. Kujambula anaphunzira kumishoni. Kukayikira anthu sindidziwa komwe anakuphunzira, koma ngakhale mchere wopempha ankayamba aununkhiza.

Chaka china a tcheyamani a chipani m'dera lathu anawalamula kujambula chithunzi chachikulu cha mtsogoleri wa dziko, choti chikaime pamsonkhano. Masiku amenewo kukana kunalibe, ndipo tonse tinkadziwa kuti nkhope ija ikangolakwika, agogo akagona kundende. Tsoka ilo, mafuta a linisidi, amene ankasakaniza ndi penti kuti iwale, anali atatha. Anaganiza zosungunulira parafini yekha.

Che Amini, oyandikana nafe, omwe ankapaka penti maboti, anabwera ndi kabotolo kopanda dzina.

"Ambuje, parafini amapha mtundu," anatero. "Pa boti palibe kanthu, nsomba sizidandaula. Koma pa nkhope ya munthu wamkulu? Tengani linisidi uyu, wandipatsa mphwanga wa kuhotela ku Makokola."

Agogo anatsegula, ananunkhiza, anadonthezera pa chala.

"Nanga akakhala mafuta a nsatsi? A nsatsi sauma. Dzuwa likatentha, penti idzayenderera m'masaya ngati misozi pamaso pa anthu onse. Wakutumani ndani, Che Amini?"

"Ine kutumidwa? Zaka zonsezi tikumwa madzi a chitsime chimodzi?"

"Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso," anatero agogo, nandiuza kuti ndikabise botololo kuseri kwa nkhokwe. Che Amini anachoka osatsanzika. Kunena zoona, nanenso ndinawaopa, chifukwa kadi lawo lachipani linkaonekera m'thumba la malaya tsiku lililonse.

Agogo anajambula ndi parafini. Chithunzi chili chachiwisi chinali chokongola zedi, koma chitauma chinatuwa mbuu, ngati miyendo ya mwana wosadzola. Anachiyang'ana masiku awiri, chakudya osachikhudza.

Mmawa wa tsiku lachitatu a tcheyamani anatulukira ndi anyamata awo awiri. Anaima nthawi yaitali, manja kumbuyo.

"A Mikaya, bwanji nkhopeyi ikuoneka ngati ya munthu wodwala? Mukufuna kutiuza chiyani?"

Pamenepo Che Amini anasuzumira pampanda, manja ali penti yekhayekha.

"Bwana tcheyamani, mwafulumira. Sichinathe chimenecho, chatsala kudzoza. Iwe mwana, tatenga mafuta aja."

Ndinathamanga osayang'ana agogo. Che Amini ananyowetsa kansanza ndi kupaka pang'onopang'ono kuyambira pachipumi, ndipo mtundu unabwerera tikuona, maso anawala, masaya anakhala a munthu wokhuta. A tcheyamani anangogwedeza mutu, n'kunena kuti adzachitenga chikauma. Chinauma bwinobwino. Anali linisidi weniweni.

Ndinkayembekeza kuti agogo apita ndi nkhuku kukathokoza. Alendo atangochoka, anandikokera pambali n'kunong'ona kuti, "Iwe, anadziwa bwanji kuti a tcheyamani abwera lero?"

Sanapite. Che Amini anamwalira patapita zaka zochepa, ndipo kumaliro agogo anakhala kumbuyo kwenikweni, akuyang'ana amene akuwayang'ana.

Sindiwaweruza kwambiri, nthawi ija inawapanga choncho. Chimene chimandipweteka n'chakuti ndinatengera. Lero ndine mayi wa imvi, palibe amene angandimange chifukwa cha chithunzi, komabe munthu akandichitira zabwino, zikomo wanga amachedwa, chifukwa mumtima ndimayamba ndamufunsa kuti wamutuma ndani.