Kukapereka chitupa cha feteleza ku Muraqqabat

Ndinanyamuka ku International City Lachisanu m'mawa, tsiku langa lopuma kushopu, nditakulunga chitupa changa cha unzika m'kajumbo. Dzulo lake mayi anga ananditumizira uthenga wa mawu kuchokera ku Machinga kuti dzina langa latuluka pa olandira feteleza wotsika mtengo, koma kudepoti sagulitsa popanda chitupa cha mwini dzina. Munda ndi wanga, olima ndi mayi ndi ana anga awiri, chitupa chili kuno ku Dubai. Kumudziko mvula inali itayamba kale. Mwamwayi, Bambo Yusufu, dalaivala wa kwathu wokhala ku Muraqqabat, ankakwera ndege madzulo omwewo kupita kutchuthi.

Komwe ndimakhalako sitima ya Metro siifika, timayamba ndi basi. Ndinathira madirhamu makumi awiri m'khadi lolipirira ulendo n'kukhala kutsogolo, kumipando ya azimayi. Ndikumvetseranso uthenga wa mayi pafoni, mzimayi wa pambali panga anaseka.

"Ni va fataleza, ka? Na kwathu ku Chipata ni chimodzimodzi, sisi. Zina kuchoka ni nkhani ina, saka kufika pa nyumba ni nkhani ina."

Anali wa ku Zambia, woluka tsitsi. Tinasiyana pasiteshoni ya Metro asanamalize kudandaula.

Ndinatsika ku Deira, dera lomwe kuli Muraqqabat, dzuwa litakwera. Nyumba za ku Muraqqabat n'zofanana zonse, pansi shopu ya mafoni, pamwamba zovala zoyanika. Nditazungulira mpaka thukuta, ndinagula tiyi wa karak ndi chapati n'kumuonetsa wogulitsayo dzina la nyumbayo. "Sida, sida," anatero, kutanthauza kuti ndingolunjika. Ndinalunjikadi, koma ndinapeza Bambo Yusufu atapita kumzikiti kukapemphera Juma. Ndinawadikira pamasitepe.

Atabwera anachitembenuza chitupacho uku ndi uku.

"Chemwali, mwamva kuti pena amafuna mwini wake aonekere?"

Ndinali ndisanamve zimenezo. Feteleza wa m'sitolo sindikanamukwanitsa, ndipo chimanga cha chaka chatha, chopanda feteleza, chinatha sukulu zisanatsegulire.

"Nanga nditani, bambo? Bwana sangandipatse tchuthi."

"Ndikawaperekeza ndekha amayi anu, ndikafotokoza. Inshallah atimvera. Akakana, khalas, basi tayesa."

Sanachiike m'sutikesi, momwe munali mabulangete ndi mafoni a anthu. Anachilowetsa m'thumba la malaya n'kumanga batani.

Pobwerera ndinagona m'basi, anachita kundidzutsa ndi dalaivala.

Patapita masiku, mayi anandiimbira. Anafola kuyambira m'bandakucha, makina atavuta netiweki, Bambo Yusufu ali pambali pawo ndi ambulera. Kalaliki anayamba wakana. Bambowo anamuonetsa chithunzi changa ndili mu yunifolomu ya kushopu, anthu a pamzere n'kuchitira umboni kuti amandidziwa, ndipo analola. Mayi anatenga thumba limodzi, la wokulitsa. Wobereketsa akuti sanafike, azikafunsafunsa.

"Ndiye chitupachi chikhale konkuno," anatero mayi. "Ndachisunga m'chitini cha shuga."

Ndinavomera. Kuno palibe amene anandifunsapo chitupa chimenecho chifikireni. Ndinkayenda nacho kuti ndizidzimva kuti ndine wa kwathu, osadziwa kuti kumene chimagwira ntchito ndi kumunda.