Mwala woyanikapo chinangwa

Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza chifukwa anzanga onse adaikana. Aphunzitsi anga akale, a Nyirenda, ankafuna munthu wokayang'anira makina a GPS ku Nkhata Bay. Iwo ankajambula pa kompyuta ming'alu ya pansi pa nyanja, kuti aone pomwe nthaka ikukokeka kwambiri ndiponso pomwe chivomezi chingayambire. Manambala odyetsa kompyutayo ankachokera kwa ine.

Pamwala wina waukulu kumtunda kwa gombe la Chikale adakhomapo kachitsulo konga msomali. Ndinkaimika choikapo cha miyendo itatu pamwamba pake, kuchiwongola, kuyeza kutalika kwa antena ndi tepi, kulumikiza batire, basi n'kudikira masiku atatu. Nthaka kuno imasuntha mamilimita ochepa chabe pa chaka, choncho makinawo sayenera kugwedezeka m'pang'ono pomwe. A Nyirenda adanenetsa kuti ndikachokapo masana, ntchito yatha.

Idanditopetsa, kunena zoona. Dzuwa kumutu, mwala wotentha kumatako. Tsiku lachiwiri ndidatsikira kumsika kukafuna mthunzi ndi nsomba yootcha, ndipo ndidakhalitsako.

Nditatumiza manambala, a Nyirenda adaimba foni. "Izi zikusonyeza kuti Chikale yatsetserekera kunyanja ndi chikhatho chathunthu tsiku limodzi. Unali pomwepo?"

"Ndinalipo," ndidanama.

"Ndiye mawa ndidziwitsa aboma. Mwina anthu a m'munsimo asamuke."

Ndidathamangira kumwala kuja n'kupeza anyaManda, mayi wokhala pafupi, akuyanika chinangwa cha kondowole.

"Kanthu kanu kaja tidakasuntha pang'ono, ada, kamatchinga dzuwa," adatero. "Kweni tidakabwezera makora pamalo pake, musadandaule."

Mwalawo adayamba kuyanikapo ine ndisanabadwe. Kalata yachilolezo ndinali nayo m'thumba, koma eni mwala sindidawapatse ndi moni womwe.

Ndidaimbanso foni n'kuulula zonse.

"Kompyuta imavomera chilichonse chomwe waipatsa," adatero a Nyirenda. "Nanenso ndimavomera chifukwa wanena ndi iwe."

Kuyambira pamenepo ndimafunsa kaye amene amagwiritsa ntchito malowo, ndipo ndikachoka pa makina ndimalemba m'kope ola lomwe ndachoka. A Nyirenda sadandichotse ntchito. Koma kwa chaka chathunthu, nambala iliyonse yomwe ndidatumiza ankayamba aipereka kwa munthu wina kuti aione, ndipo ankachita zimenezi ine ndili pomwepo.