Chimanga cha Loweruka ku Dimba

Chaka chimene ng'ombe zathu ziwiri zinafa ndi matenda, ndinauza mkazi wanga Esinati kuti ndikupita kukafuna ntchito. Msuweni wanga anali ataimba foni kuchokera ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba, kuti pa loji ina yogona alendo akufuna wotsuka mbale. Esinati anali kuswa mtedza pakhonde. Sanadzutse mutu. Anangofunsa kuti, "Mudzabwera liti, atate ake Tisa?" Ndinati ndikakhala zaka ziwiri. Ndinakhala zisanu ndi zinayi.

Mbale sindinatsuke nthawi yaitali. Wophika wamkulu ataona kuti ndimaudziwa moto, anandipatsa ntchito yowotcha nyama ndi nsomba panja, pamene alendo ankakhala akachoka panyanja. Anthu amenewo ankandidabwitsa. Munthu amachokera ku Lusaka kapena ku Joni, amapsa ndi dzuwa tsiku lonse m'boti, akagwira nsomba yaikulu ngati mwendo wanga amajambulitsa nayo chithunzi, kenaka amaibwezera m'madzi. Tsiku loyamba ndinatsala pang'ono kudumphira m'nyanja kuitsatira.

Pang'onopang'ono moyo wawowo unandilowa. Lolemba linali tsiku langa lopuma. Mlendo wina anandisiyira ndodo yake ya mbedza, ndipo ndinkapita nayo pathanthwe lina kuseri kwa loji. Ndikagwira nsomba ndinkaipaka adyo, ndimu ndi batala, n'kuiwotcha pa makala pomwepo. Vinyo wotsala m'mabotolo ankatilola kutenga. Ine, mwana wa mkulu wa mpingo, wokulira pa thobwa, ndinaphunzira kusiyanitsa vinyo wa nsomba ndi wa nyama. Sindinama, zinkakoma. Koma ukadya chinthu chokoma pakamwa pamafuna kuuza munthu. Anzanga a pantchito ankalankhula Chitonga, msuweni uja anali atasamukira ku Kafue. Ndinkatafuna, n'kuyang'ana kumanja, n'kuyang'ana kumanzere, n'kumeza.

Ndiye ndinayamba kujambula. Nsomba pa waya wowotchera, tambula ya vinyo, madzi kumbuyo. Ndinkatumizira Esinati pamodzi ndi ndalama za pamwezi. Mumtima ndinkanena kuti, ndikanakonda mukanakhala pano. Koma mawu amenewo sindinawalembepo. Yankho lake linali limodzimodzi: "Talandira, zikomo. Mukudya bwino."

Chaka chachisanu, mwana wathu Tisa anagonekedwa m'chipatala sabata yathunthu ndi malungo. Ndinamva kwa munthu wina mwanayo atatuluka kale. Ndinaimba foni nthawi yomweyo.

"Amake Tisa, mwana kudwala chonchi osandiuza?"

"Ndinaona zithunzi zanu," anatero. "Ndinati ndisakusokonezeni."

Kuyambira tsiku limenelo sindinatumizenso chithunzi. Ndinkapitabe pathanthwe paja, koma nthawi zina nsomba inkapsa ine ndili duu, osailawa.

Masiku ano anthu akandifunsa chimene chinandibweza, ndimati loji inagulidwa ndi eni ena. Ndi zoona, koma ntchito sanandichotse. Ndinangotopa ndi kudya ndekha.

Ndinatsika minibasi pa boma la Chadiza ndi zikwama ziwiri, waya wowotchera nyama ndi ndodo yanga ya mbedza. Wanjinga amene ananditengera katundu mpaka kwathu ku Mlolo anandifunsa ngati ndodoyo ndi eriyo ya wailesi. Kunyumba ndinapeza malata atsopano, mbuzi m'khola, Tisa ali mtsikana wamtali wondigwadira patali ngati ndine abusa.

Lamlungu lotsatira ndinapha mbuzi, ndikufuna kuti anthu anga alawe zimene ndinkadya. Ndinainyika mu adyo ndi ndimu kuyambira m'mawa. Achibale ndi anansi anabwera atachoka ku tchalitchi, atavalabe zakutchalitchi. Anandiikira mpando pakati. Anadya mwaulemu, anathokoza mwaulemu, "Zikomo kwambiri, a ku Siavonga," ndipo dzuwa lisanapendeke onse anali atapita. Palibe anaseka mokweza. Ndinatsala ndi waya wanga ndi makala akuzima.

Loweruka masana ndinapeza panyumba palibe munthu. Ndinatsata kanjira kopita ku dimba kwathu. Ndisanafike ndinamva phwete lalikulu, ndipo pakati pa mawuwo panali kuseka kwa Esinati, kumene ndinali ndisanakumve chibwerereni. Pansi pa mtengo wa mango panali anthu ngati khumi. Anali atamaliza kuthirira, miyendo ili matope okhaokha. Chimanga chachiwisi chinali pamoto, chigubu cha thobwa chikuzizira m'chitsime, amuna awiri akusewera bawo pa maenje okumba pansi. A Zulu, mnansi wathu wokalamba, anali pakati pa nkhani.

Atandiona nkhani inaduka. Wina anathamanga kukatembenuza ndowa kuti ndikhalepo. Tisa anandisankhira chimanga chabwino koposa, n'kundipatsira m'mbale, pamene onse ankadyera m'manja.

Pobwerera ndinayenda pambuyo pa Esinati.

"Zimenezi munayamba liti?"

"Mwezi womwe munapita."

"Simunandiuzepo."

Anaima, natula ndowa pansi. "Atate ake Tisa, mukuyesa ndinu nokha munali nokha? Loweruka ndikakhala m'nyumba muja, mutu unkafuna kuzungulira. Ndinapempha akazi awo a Zulu kuti tizithirira pamodzi. Enawo anangobwera okha." Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Chimanga chowotcha ndikanakujambulirani? Inu wodya za azungu?"

Ndinamuuza pamenepo, m'kanjira, zimene ndinalephera kulemba zaka zonse zija. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Sanalire. Anangoti, "Loweruka likubwerali mudzabwere ndi khasu. Nsapato mudzasiye kunyumba."

Ndinapita. Ndinathirira mpaka msana unauma, ndinakhala pansi pa dothi, komabe anthu ankalankhula mosamala ngati pali mlendo. Loweruka lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndinapempha kuti ndiwotche ndine. Moto wa zitsononkho si wa makala, umalilima mwadzidzidzi. Ndikutembenuka kuti ndilandire thobwa, zimanga zinayi zinada bii.

A Zulu anatola chimodzi, nachikweza m'mwamba kuti onse aone.

"Anthuni, taonani! Zaka zisanu ndi zinayi kuphikira azungu! N'chifukwa chake amubweza!"

Dimba lonse linaphulika. Esinati anagwira m'mimba, Tisa anagwa chagada pa udzu. A Zulu anandiponyera chimanga chopsereracho pamiyendo. "Idya wekha makala akowo, iwe Yohane."

Chibwerereni palibe anali atanditchula dzina langa. Ndinachidya chonse, chowawa chomwecho.