Wometa Amene Kumanzere Kunamuthawa

A Chipeso anameta anthu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu m'kachipinda kamodzi komweko, pakati pa shopu yokonza mafoni ndi ina yogulitsa penti. Dzinalo linabwera chifukwa cha chipeso chakuda chimene sichinkachoka m'thumba la malaya awo, ngakhale pa ukwati wa mwana wawo. M'kachipindamo munali mpando umodzi wozungulira, galasi lalikulu lothimbirira m'makona ndi benchi ya anthu atatu. Anali mmisiri, ndipo vuto lake ankadziwa kuti ndi mmisiri. Munthu akayamba kufotokoza mmene akufunira kumetedwa, iwo ankangomugwira chibwano n'kumulozetsa pagalasi. "Mutu ndauona kale. Inu khalani phee."

Matenda anayamba ngati litsipa wamba la m'mamawa. Kenako dzanja lamanzere linayamba kugwetsa zinthu. Tsiku lina anagwa pansi n'kuyamba kuphupha makina ometera akulirabe m'manja. Kuchipatala anawajambula mutu, napeza chotupa mbali ya kumanja kwa ubongo. Opaleshoni inatenga maola asanu ndi limodzi. Atatsitsimuka anakweza dzanja, nasisita pamene bandeji sinafike, n'kufunsa akazi awo monong'ona, "Wandimeta chonchi ndani?" Mayiwo anaseka misozi ili chuchuchu, chifukwa apa m'pamene anatsimikiza kuti amene wadzukayo ndi mwamuna wawo yemwe uja.

Chotupa chinachoka chonse. Chimene chinatsala chinali chovuta kuchifotokoza. Kunyumba ankawomba phewa lamanzere pachitseko tsiku ndi tsiku, n'kumakalipira chitsekocho. Ankadya mbali ya kumanja kwa mbale n'kunena kuti chakudya chachepa. Akazi awo ankangoizunguza mbaleyo mwakachetechete, bambowo n'kupitiriza kudya. Dokotala anati maso alibe vuto, koma ubongo wasiya kulabadira zimene zili kumanzere, ndipo mwina zidzabwerera pang'ono, mwina ayi. Anawapatsa mapiritsi oletsa kukomoka, nawaletsa kugwira lumo pakhosi pa munthu.

A Chipeso anavomera zonsezo ndi pakamwa pokha. Mumtima ankati madokotala amakonda kuopseza anthu. Munthu angaiwale bwanji mbali yonse ya dziko?

Patatha miyezi inayi anatenga makiyi a kachipinda kometera kaja. Woyamba kukhala pampando anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, dalaivala wa basi wa pakamwa posatseka.

"Alamu, ndabwera kudzapereka mutu wanga nsembe," anatero akuvula chipewa. "Mukaulakwitsa, mlongo wanga ndimutenga lero lomwe."

"Mutengeni, muone ngati mungamukwanitse."

Makina analira. Zala zinakumbukira zonse. Anatsitsa m'mbali, nawongola mzere wa pachipumi, nazungulira khutu mwaluso ngati kale. Mtima wawo unadzaza ndi chimwemwe chimene anali asanachimve chichokereni kuchipatala. Anazimitsa makina, nakutumula nsalu. "Mwatha, alamu. Pitani mukavutitse anthu."

Mlamuyo sanadzuke. Anayang'ana pagalasi nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake nthabwala inamuthera.

"Alamu, mbali iyi simunaikhudze."

"Mbali iti? Musayambe zanuzo."

"Sindikucheza."

Anagwira dzanja lamanja la a Chipeso n'kuliyendetsa pamutu pake, kuchokera kumene kunali kosalala mpaka kuwoloka pakati. Zala zinalowa m'tsitsi lambiri, la milungu isanu, limene maso awo ankalumbira kuti kulibe. A Chipeso anachita mantha enieni, oposa a tsiku la opaleshoni. Nthawi ija ankaopa kufa. Tsopano ankaopa kukhala ndi moyo atangokhala pakhonde, anthu akudutsa n'kumati bambo aja ankameta bwino.

Anakhala pa benchi, makina ali pamiyendo. Panja wina ankayesa foni yokonzedwa, ikulira n'kusiya, ikulira n'kusiya.

"Ndiye ndituluke chonchi?" anafunsa mlamuyo patapita nthawi. "Anthu a m'basi athawa." Anaponda pansi n'kuzunguza mpando mpaka anafulatira galasi, nkhope yake n'kuyang'anana ndi ya wometayo. Tsitsi lotsala lija tsopano linali kudzanja lamanja la a Chipeso, ndipo analiona lonse, lili nyankhalala. Anaimirira pang'onopang'ono n'kuyatsa makina.

Kuyambira tsiku limenelo kametedwe kawo kanasintha. Ankameta mbali imodzi munthu atayang'ana pagalasi, kenako n'kumutembenuza kuti amete inayo. Pomaliza ankatseka maso n'kuyendetsa dzanja pamutu wonse, chifukwa zala sizinkawanamiza. Ndevu ankadula ndi makina okha, lumo analitsekera mudirowa. Ikakwana nthawi ya masana ankatseka n'kukagona, poti mutu unkalemera. Makasitomala akale ena anabwerera. Ena anamva mphekesera n'kusamukira kwa achinyamata a kuseri kwa msika, ndipo akakumana nawo pamsewu ankapereka moni wautali kwambiri, chipewa chili chotsitsa mpaka m'makutu. Zinkawawawa a Chipeso.

Amene anabwererawo ankadziwa nkhani yonse, moti panalibe chofotokoza. Chimene a Chipeso ankachiopa chinali munthu wachilendo. Iyeyo anafika Lachiwiri lina m'mawa, bambo wovala tayi, atanyamula envulopu ya makalata ofunsira ntchito. Anati ali ndi ola limodzi lokha, ndipo akufuna kukaoneka bwino.

A Chipeso anatenga nsalu, koma sanaifunyulule. Akanatha kungokhala chete, mwina osalakwitsa chilichonse.

"Achimwene, ndikuuzeni kaye musanakhale. Anandichita opaleshoni ya m'mutu. Za kumanzere zimandidutsa, moti ndizikutembenuzani ndi mpandowu. Mukaona kuti ndasiya pena, mundiuze. Ngati simukumasuka, ometa ena ali kuseri kwa msika, sindikhumudwa."

Mlendoyo anayang'ana chipsera chokhota chimene chinayambira pamwamba pa khutu lawo n'kukathera pakati pa mutu. Anayang'ana wotchi yake, kenako khomo limene linali lotsegula. Anaika envulopu ija pa benchi, namasula tayi, n'kukhala pampando.

"Ndiye yambani kumanzereko, bambo," anatero.