Akulu Anga, Amayi a Sikelo

Abusa atandipempha kuti ndilembe mbiri ya malemu Amayi a Sikelo m'kalata ya mpingo uno, ndinayamba ndakana. Ndalemba mapepala ambiri a kafukufuku wa zaumoyo, ena amawerengedwa kumayiko omwe sindinapondeko, koma ili lokha landilemera. Malemuwa anali akulu anga, bere limodzi, ndipo sindingathe kunena za iwo popanda kudziulula ndekha.

Tinabadwa awiri, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa shopu yomwe bambo ankasokeramo zovala. Wamutu anali akulu anga. Masamu omwe ine ndinkalira nawo, iwo ankawayankha uku akutsuka mbale. Chaka chomwe anakhoza mayeso opitira kusekondale, mayi anafa ziwalo mbali imodzi. Panafunika munthu wowatembenuza, wowasambitsa ndi kuwadyetsa. Bambo sanalamule aliyense. Akulu anga anangotenga mabuku awo n'kuwaika pabedi panga. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Anadwazika mayi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo Lamulungu lililonse ankawakankha pa njinga ya odwala mpaka kutchalitchi, kaya kugwe mvula. Mayi atatisiya, anakwatiwa ndi kalipentala wina wofatsa, amene anamwalira patangopita zaka zinayi, osasiya mwana. Kenaka anapeza ntchito yokolopa pamalo ochitira kafukufuku wa zaumoyo, pafupi ndi chipatala. Namwino wina ataona momwe ankawerengera manambala mofulumira, anawaphunzitsa kuyeza ana pasikelo ndi kulemba pamakhadi. Dzina lija linachokera pamenepo, ndipo ntchitoyo anaigwira zaka makumi atatu. Mwana aliyense asanamupachike pasikelo ankayamba amugwira pamutu, milomo ikugwedera. Ambiri ankaganiza kuti akumunyengerera kuti asalire. Ankamupempherera.

Ine ndinapitirira ndi sukulu mpaka kuyunivesite, kenaka kunja, komwe ndinachita digiri ya udokotala pa za kakulidwe ka ana. Nditabwerako anandipatsa kuti nditsogolere kafukufuku wa ana zikwi ziwiri pamalo omwewo, akulu anga n'kukhala pansi panga. Ndikalowa m'chipinda choyezera ankaimirira.

"Akulu, musamatero, mukundichititsa manyazi," ndinawauza tsiku lina.

"Kuno n'kuntchito, adokotala," anatero. "Kunyumba ndiye ndikakutuma madzi akumwa."

Nsanje yanga inayamba pang'onopang'ono. Amayi a ana akandiona ndi fayilo m'manja ankangoyankha kuti inde kapena ayi. Akakhala ndi akulu anga ankakhuthula zonse, mpaka za amuna awo. Ophunzira anga, omwe ndinkawakonzera zolemba zawo mpaka maso kuwawa, ankakadyera chakudya chamasana m'kachipinda ka sikelo, pa benchi yogwedera, kuseka kukumveka mpaka mu ofesi mwanga. Ine ndinkadya ndekha, nditayang'ana kompyuta.

Tsiku lina anabwera ndi makhadi khumi ndi awiri omangidwa ndi labala.

"Adokotala, ana awa sakukwera sikelo, ndipo akuchedwa kulankhula. Onse amakhala mumsewu umodzi, kuseri kwa malo omwe amaphwanyirako mabatire akale."

Ndinawayankha kuti chikanakhalapo china chake, kompyuta ikanationetsa kale. Sanatsutse. Koma akaweruka ankayenda wapansi kukafika kumsewu kuja, khomo ndi khomo, mpaka makhadi anakwana makumi anayi. Ndinavomera monyinyirika kuti tiyeze magazi a anawo. Tinapezamo mtovu, chitsulo cha m'mabatire chomwe chimaononga ubongo wa mwana. Malo aja anatsekedwa, ana n'kuyamba kulandira chithandizo.

Pepala lofotokoza zimenezi ndi lomwe linandipatsa upulofesa. Dzina langa linali loyamba, mayina ena asanu ndi limodzi akutsatira. La akulu anga panalibe. Ndinadziuza kuti mwambo wa ntchito yathu ndi womwewo, ndipo palibe anandifunsa.

Patapita chaka kunabwera pulofesa wina wa imvi wochokera kunja. Anafunsa kuti, "Kodi anayamba kuona zimenezi ndani?" Ndisanatsegule pakamwa, wophunzira wanga mmodzi analoza kuchipinda cha sikelo. Mkuluyo anakhala mmenemo maola awiri, pa benchi, akulemba zomwe akulu anga ankanena. Ine sanakhalepo nane ngakhale theka la ola. Pochoka anati akufuna kuwatengera kumaphunziro a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo chinkangofunika ndi kalata yanga yovomereza. Ndinalemba kuti mayiwa ndi achikulire, chingerezi chimawavuta, ndipo maphunzirowo angangowazunza. Mlembi wathu anaitayipa, ine n'kusaina. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Akulu anga anapitiriza kuyeza ana, kuimba m'kwaya ndi kuyendera odwala Lachinayi lililonse. Atapuma pantchito ankaphunzitsa ana a Sande sukulu. Ambiri mwa inu mukukumbukira mawu omwe ankakonda kuuza amayi akayambana: "Mtima woipa ukabwera, upatseni mpando wapanja. Musauyalire pogona."

Khansa inawagwira ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri. Ndinawatengera kunyumba kwanga. Masana ena ndikuwadula zikhadabo, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mng'ono wanga, ndili ndi choti ndilape kwa iwe. Abusa ndawauza kale."

"Inu? Mulape chiyani?"

"Nsanje. Ndakuchitira nsanje moyo wanga wonse. Tsiku lomwe unavala mkanjo wa kuyunivesite ndinalulutira kuposa aliyense, koma nditafika kunyumba ndinasanza. Ukakwera ndege, mumtima ndinkati mpando umenewo ndi wanga. Ndinkauza Mulungu kuti, Ambuye, ndichotsereni chinthu ichi. Sanachotse. Ndiye ndinapangana naye kuti chikandiluma, ndizikupempherera potchula dzina lako mpaka chileke." Anaseka, chifuwa n'kuwatsamwitsa. "Palibe munthu padziko pano amene wapemphereredwa ngati iwe."

Chodulira zikhadabo chinagwa pansi. Ndinawauza za pepala lija, ndi za kalata.

"Ndinadziwa," anatero. "Mlembi anandionetsa tsiku lomwelo, akulira."

"Zaka zonsezi? Bwanji simunandifunse?"

"Ndinayenda mpaka pakhomo pa ofesi yako. Koma ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa, sizituluka za kalata zokha. Zituluka zonse, kuyambira pa mayi. Ndikanatsala wopanda mng'ono, ndipo ndili ndi mmodzi yekha."

"Chingerezi chanu chinali chabwinobwino, akulu."

"Chinali chabwino kuposa kalembedwe kako," anatero. "Tamaliza chala ichi, wachisiya chakuthwa."

Anamwalira patapita milungu itatu, Loweruka mmawa, amayi a kwaya akuimba motsitsa pabalaza. Anali atapempha kuti titsegule zenera. Anapuma kawiri mozama, n'kugona ngati munthu amene waweruka.

Pamaliro panadzaza anthu omwe sindinkawadziwa: oyendetsa basi, aphunzitsi, amayi ogulitsa pamsika, ena atanyamula makhadi awo a sikelo achikasu ndi ukalamba. Mayi wina anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Inu ndinu ndani wawo?" Ndinayankha kuti ndine mng'ono wawo, ndipo anandikumbatira chifukwa cha chimenecho chokha.

Abale ndi alongo, ndikanakonda kulemba kuti ndinachira. Koma nditaima pamanda paja ndinapezeka ndikuwerenga anthu, n'kumadzifunsa kuti pa anga padzabwera angati. Akulu anga sanali munthu wopanda nsanje. Anali nayo yaikulu kuposa yanga, ndipo anali ndi chifukwa chomveka, koma pa zaka makumi asanu sinavulaze munthu ngakhale mmodzi. Yanga inatsekera munthu khomo ndi kalata ya mizere isanu.

Mzimu wawo uuse mumtendere. Ndipo amene muli ndi mpata m'mapemphero anu, mundikumbukireko, pakuti amene ankandipempherera uja wapita.