Amuna Anga M'buluku la Wakuba

Dzino lakutsogololi ndilibe, nthiti za kumanzerezi zimabaya kukachita mitambo, koma ine ndikuseka, ndikuseka chomene, mpaka cholembera chikuvina m'dzanja. Sukulu ndinangoinunkhiza, zilembo zanga zimayenda ngati abakha, koma nkhani ya pa depoti ya pa boma ndilemba ndekha. Ena akamaifotokoza kutchalitchi amandisandutsa mngelo, pomwe ine tsiku limenelo ndinaluma munthu mpaka kulawa mchere.

Amuna anga anali ovina gule wa ingoma. Kwathu kuno kufupi ndi Manyamula, akaponda pansi iwo agalu ankathawira kuseri kwa nkhokwe. Ingoma ilibe ng'oma ayi, ng'oma yake ndi phazi ndi nthaka ndi chifuwa cha mwamuna. Asanadwale, mwana wanga wamkazi wa ku Joni anabwera kudzationa, ndipo pa ukwati wina wa pamudzi anawajambula mawu pa foni bambo akewo akutsogolera nyimbo. Pobwerera anandisiyira foniyo. Mvula itagwanso, amuna anga tinawaika m'manda. Zikopa zawo zovinira zinadyedwa ndi njenjete, chishango anatenga mng'ono wawo. Changa chotsala ndi mawu amenewo, m'foni imeneyo, kwina kulikonse kulibe.

Poyamba ndinkawamvera ndi mahedifoni a waya, oyera aja a pamsika. Mawu ankabwera owonda, owonda, ngati munthu akuimbira m'chitini. Khutu limodzi linafa msanga, linalo linkafuna kulinyengerera: ndipinde waya apa, nditsine ndi chala apo, ndisapume, ndiye bambo aja atulukire. Ndikangotembenuka kuti ndiingitse mbuzi, basi zii. Waya ankakola pa khasu, ankakola pa chitseko, ankakola m'mikanda. Koma ndinene chilungamo, waya anali chingwe chomangira. Foni ikafuna kugwa, khutu linkayamba kudziwa.

Ndiye mwana uja anatumiza timahedifoni tina topanda waya, tiwiri, takuda ngati nyemba, togona m'kabokosi kake. Dalaivala wobweretsa katundu wa ku Joni ndi amene anatilumikiza ndi foni, natchera kuti nyimbo ikatha iziyambanso yokha. Nditatilowetsa m'makutu ndinakhala pansi osafuna. Phazi lija linabwera. Pa waya phazi kunalibe, kunali mawu okha, koma apa nthaka inagunda, khu, khu, m'mutu, m'khosi, mpaka m'mimba. Ndinamva mangenjeza a m'miyendo, ndinamva mpweya umene ankakoka asanadzutse nyimbo, ndinamva ndi nthungululu yanga yomwe kumbuyo kwawo, ine mwini wake ndikadali ndi mwamuna. Kuyambira pamenepo ndinkatibisa pansi pa duku. Kumunda ndili nawo, kumjigo ndili nawo, kuchigayo ndili nawo, anthu nkumati agogo aja ayamba kugwedeza mutu okha.

Tsiku la nkhondo ndinapita pa boma kukagulitsa mtedza. Unatha dzuwa lili pamutu, ine uyo pa depoti kukafuna galimoto yobwerera, foni m'kachikwama ka nsalu kam'khwapa, amuna anga m'makutu. Pa khomo la minibasi panali kukankhana, oitanira akukoka dengu uku, ena akukoka uko, zigongono m'nthiti, thukuta la anthu pamphuno. Ine osamva kanthu, ndili ku ukwati.

Mbwenu amuna anga anayamba chibwibwi. Iwo amene moyo wawo wonse sanakodwepo lilime. Mawu kuduka, kubwera, kuduka, phazi kusowa, kenako zii. Ndinapisa dzanja m'kachikwama, dzanjalo nkutulukira pansi. Anali atang'amba ndi lezala.

Sindinakuwe. Mukakuwa wakuba amathamanga, ndipo miyendo yanga ndi ya ndodo. Ndinaima, mtima ukuponda ingoma yakeyake, nkukumbuka zakunyumba: ndikasiya foni pa mphasa ine nkupita kukhola, chibwibwi chake chinkakhala chomwechi, ndikabwerera ankaimbanso bwino. Ndiye kuti sanapite kutali. Wakubayo sankadziwa kuti chimene waba chikuimba, poti chinkaimbira pansi pa duku langa.

Ndinataya dengu, ndinayamba kusaka ndi makutu. Ndinapita kwa amayi a nthochi, zii. Ndinapita kwa akabaza, zii. Ndinakhotera kumene kunaima lole ya matabwa ya ku Chikangawa, pafupi ndi chiwaya cha tchipisi, ndipo khutu lakumanja linati ka, ka. Ndinasendera, linati khu. Ndinasenderanso, mangenjeza aja ngwe ngwe ngwe, nyimbo yonse mbee, yoyera ngati madzi a pa mjigo. Pa benchi la pachiwaya panakhala azibambo akudya. Ndinaima kumbuyo kwawo ngati ndikufuna kugula. Mmodzi, wandevu zometa bwino, wa jekete yachikopa, munthu woti mungamupatse mpando kutchalitchi, anapukuta m'manja nkunyamuka. Atayenda, nyimbo inayenda naye. Atazungulira lole, chibwibwi chinayamba. Nditamutsata, chinatha.

Ndinamugwira lamba kumbuyo ndi manja onse awiri.

"Amama, mwapenga? Ndisiyeni."

"Ndikusiya ukandipatsa amuna anga."

"Amuna anu ndiwadziwira kuti ine?"

"Ali m'buluku lakomo, akuimba."

Anthu a pachiwaya anagwa nacho chiseko. Wina anati agogowa mowa wa masese wawakwera, wina anati bamboyo angowakwatira basi nkhani ithe. Wa jekete uja anaseka nawo, kenako anatembenuka nkundiwomba mbama, pha, duku uko, ine pansi ndi mawondo. Koma lamba sindinasiye. Anandikhwekhwereza pa miyala, mawondo kusupuka, anandimenya chibakera pamutu, anandipinda zala kuti zithyoke. Dzanja lakelo litafika pakamwa panga ndinalilandira. Ndinaluma pa mnofu wa pansi pa chala chachikulu, ndinaluma ngati ndikung'amba nzimbe, mpaka mano anakumana ndi cholimba. Analira ngati mbuzi ya pa ukwati.

Panafika mayi wina wogulitsa tomato, wa kwathu, amene timapemphera limodzi. Anafunsa chimene chachitika. Pakamwa panga panali podzaza, ndiye ndinangozula kanyemba kamodzi m'khutu nkumuloza nako. Anakaika m'khutu mwake, anaima, maso anatuluka. Amuna anga ankawadziwa, pa maliro anaphika nawo. Anayang'ana buluku la bambo uja, anayang'ana ine, ndipo anakuwa liwu limodzi lokha limene depoti yonse imalidikira tsiku lililonse: "Wakuba!"

Anthu amene ankandiseka aja ndi amene anayamba. Benchi lomwe ankakhalira linatera pamsana pake. Akabaza anabwera ndi mapampu, oitanira ndi zibakera, anyamata a lole anasolola zidutswa za matabwa. Wa tchipisi anamuthira mafuta otentha a m'chipande pakhosi, khungu nkuchita thovu. Njerwa inamupeza pa khutu, magazi tsaa pa tayala la lole. Anagwa chagada, jekete itang'ambika, akutchula amayi ake m'Chitumbuka, anthu akumupondaponda ngati dothi loumbira njerwa. Amayi ena amene sankadziwa ndi chimene waba chomwe anavula nsapato nkumamukhoma nazo kumaso.

Ine poyamba ndinaimba nthungululu, ndisaname. Koma kenako ndinaona kumene mapazi akutera. Foni sanaike m'thumba, anailowetsa mkati, kutsogolo, pansi pa lamba, ndipo azibambo akakwiya ndi pomwepo pamene amakonda kuponda. Jombo inatera pamenepo. Thabwa linatera pamenepo. M'khutu mwanga amuna anga anadukiza, anabwera, anadukiza. Ndinakuwa kuti ndapota, menyani mutu, menyani miyendo, pamenepo pokha ayi, koma ndani akanamva nkhalamba pakati pa chigulu chotero? Ndinaona mnyamata wina wanyamula mwala waukulu, wotsekera tayala la lole, waukweza ndi manja awiri, akuyang'ana pa lamba pomwepo.

Ndinadziponya. Ndinagwera pa wakubayo chafufumimba, mimba yanga pa chiuno chake, ngati nkhuku pa mazira. Mnyamata uja mwala anauponya pambali, koma thabwa limene linali kale m'njira linandipeza m'nthiti, ndinamva kuti thyo mkati. Nsapato ya wina inandipeza pakamwa, dzino ndinalimeza kapena ndinalilavula, sindikudziwa mpaka lero. Magazi anga ndi ake anasakanikirana pa chitenje.

 Wakubayo pansi panga anandinong'oneza ndi milomo yotupa: "Yewo amama, yewo chomene, mwandipulumutsa."

"Khala chete iwe," ndinatero, "tukula chiuno."

Dzanja langa linali kale m'buluku mwake. Nkhalamba ya mvano, dzuwa likuswa mtengo, depoti yonse ikuona, ndikufufuza m'kabudula wa mwamuna wa eni ake. Ndinaipeza, yotentha, yoterera, ndinaisolola nkuilowetsa m'kamisolo, nkugonanso pomwepo, chifukwa kudzuka kunali kosatheka, nthiti zinakana.

Wina anali atagubuduza kale tayala lakutha, wina akuitanitsa petulo kwa a njinga zamoto. Anandikoka miyendo kuti ndichoke, ine kulira ndi ululu, ndipo mayi wa tomato uja anaima pamwamba panga ndi thabwa, nkuwauza kuti wogwiranso agogowa aphedwa ndi iye. Anakangana, anatukwanizana, ena akuti tiwotche, ena akuti simungawotche ndi nkhalamba yomwe. Mkangano usanathe apolisi anafika, chigulu chinamwazika ngati mpunga wotayika, pansi patatsala nsapato, matabwa ndi ife awiri.

Anatikweza galimoto imodzi kupita kuchipatala, iye ndi unyolo, ine ndi mayi wa tomato. M'khutu mwanga munali zii. Kanyemba kanga kanali katagwa pa nkhondo paja nkupondedwa, ndipo ka mayi uja nakonso kanasowa. Njira yonse sindinayerekeze kutulutsa foni. Ndinkangoigwira pachifuwa, ikundibaya ndi magalasi ake osweka, ndikuti mumtima: mwafanso kachiwiri kodi, bambo inu, ndipo ulendo uno ndakuphetsani pa depoti ngati galu?

Kuchipatala anandisoka mlomo, anandimanga nthiti, nandigoneka pa bedi la pafupi ndi khomo. Wakuba uja anali pa machira m'khonde, mutu wonse nsalu zoyera, wapolisi atakhala pambali pake. Namwino atandifunsa chimene ndikubisa m'kamisolo, ndinatulutsa. Galasi linali ngati ukonde wa kangaude, ngodya imodzi yopindika, magazi atauma m'ming'alu, yakuda bii. Anaipukuta ndi thonje, anadina batani, palibe. Anadinanso nthawi yaitali, palibe. Anati mwina ndi moto wangotha, nkuilumikiza pa khoma ndi chingwe chake. Ine ndinatembenukira kukhoma, sindinkafuna kuona.

Mayi wa tomato ndi amene anandigwedeza phazi. Theka la galasi linali litayaka, theka lakufa. Namwino anayendetsa chala mosamala pa mbali yamoyoyo, akundifunsa kuti nyimboyo ili pati, ine ndikumuuza kuti pa kachizindikiro kofiira, poti mawu a Chingerezi olembedwawo sindiwatha. Anadina.

Panalibe waya, panalibe tanyemba, mawu anatulukira pa kabowo ka foni yomweyo, okhadzula, onjenjemera ngati lata lomasuka pa denga. Koma anali iwo. Anakoka mpweya, anadzutsa nyimbo, amuna anzawo anayankha. Odwala onse anatukula mitu. M'khonde muja wa nsalu zoyera anatembenuza diso lake limodzi lotseguka, kumva koyamba chimene anayenda nacho m'buluku.

Namwino anati ndisayerekeze kudzuka. Ndinatsitsa mwendo umodzi, ndinatsitsa winawo, ndinagwira chitsulo cha bedi, nthiti zikulira, mlomo ukutuluka magazi pa ulusi, ndipo phazi limene kafoniko kankalephera kutulutsa ndinaliponda ndine pa simenti ya chipatala, khu, khu, khu.