Mikanda ya Amayi M'khosi mwa Mlendo

"Mlendo umuonetse mphasa, usamuonetse kuchipinda." Anandichenjeza choncho amayi tsiku limene ndinawapeza akuthira mikanda yawo ya m'chiuno m'kansupa n'kukasomeka kudenga. Inali yofiira, yoyera ndi yakuda, yonunkhira mafuta a nsatsi. Agogo anabwera nayo wapansi kuchokera ku Mozambiki. Amayi anaivula poti abambo anali kumigodi ku Joni, ndipo mikanda yotere woiona ndi mwamuna wako, kapena akazi anzako posamba padooko.

Inali nyengo ya mwera. Mabwato anali gone pamchenga, usipa utasowa, mphepo ikutiwaza mchenga m'maso. Kumunsi kwa mudzi wathu, chakufupi ndi Chembe, anali atangomanga malo ogona alendo. Amjomba, mchimwene wa amayi, ankafuna ulonda kumeneko. Munthu wa pakamwa potsekemera, maso osakhazikika. Anamva kuti mkazi wa mzungu mwini malowo akufuna zinthu zamakolo. Tsiku lina amayi atapita ku nkhuni, amjombawo anandituma kudooko kukatunga madzi, chikhalirecho mtsuko unali wodzaza. Ulonda uja anaupeza.

Lachisanu, amuna akutuluka mumzikiti, mayi wachizungu uja anadutsa pakati pa mudzi, mikanda ya amayi ili lendelende m'khosi, iye akumwetulira aliyense. Akuluakulu anaweramitsa mitu, anyamata akusekera m'zikhatho. Akazi anaizindikira pomwepo. Wina anakodola amayi nati, "Achemwali, chiuno chanu chakwera kukhosi."

Amayi atawafunsa, amjomba anangoti, "Mikanda si mikanda basi? Alendo akuilemekeza." Ulemu wake umenewo mpaka lero ndikuufunafuna.

Amayi anasiya kusamba padooko. Ankasenza madzi n'kukasambira kuseri kwa nyumba ngati wodwala. Abambo pobwera, nkhani inawachingamira panjira. Sanafunse kuti anaba ndani, anafunsa kuti anakuvula ndani. Anagona kwa anzawo, n'kubwerera kwawo kwa Mponda, ukwati n'kuthera pomwepo.

Masiku ano kumabwera achinyamata a mafoni m'manja. "Agogo, tipatseniko zakale, tikaike kumudzi wa chikhalidwe, alendo azidzaona." Amati n'chitukuko. Ndimawayang'ana mpaka atsanzike okha. Ngakhale mdzukulu wanga weniweni, akanyamuka m'nyumba muno ndimanyamuka naye.

Ine Lachisanu lija ndinathamangira mzungu uja pamodzi ndi ana anzanga, fumbi kobo, ndikunyadira kuti mikanda yakwathu yamukhala bwino. Pobwerera ndinawauza amayi zomwezo, ndikudabwa kuti akunjenjemera chifukwa chiyani dzuwa lili pamutu. Sindinkadziwa kuti munthu atha kuvulidwa pagulu chitenje chake chili chimangire.

Ndakalamba, miyendo yayamba kukana. Inu alendo, mukamapita kunyanja kwanuko mudzapatuke, mudzaone ngati ndikupumabe. Koma mudzaime pabwalo, manja anu ndiziwaona.